Geti Pamsewu wa Palabana

Ba Gershom ankaphikira asilikali pabwalo la ndege zankhondo kutsidya kwa nyanja. Bwalolo litatsekedwa, anabwerera ku Palabana kukaweta ng'ombe.

Tsiku lina kutada, anakwera njinga kukagula mankhwala a thole lodwala. Pobwerera, mphepo inayamba kununkha mafuta a ndege. Msewu wafumbi uja unasanduka tala. Kutsogolo kunaima mlonda, tochi m'manja.

"Iwe Gershom, tsika!"

Anali Dingani, mnzawo amene anafera pageti ya bwalolo bomba litaphulika.

"Dingani, nisiye nipite," anatero ba Gershom. "Kuno ni kwathu."

Dingani analavula malovu pansi. "Kwanu? Nindani anakuuza kuti unachokamo muno?"

Kumbuyo kwa ba Gershom, geti yachitsulo ya bwalo la ndege lija inayamba kutsekeka.