Chimene Bakha Amazikira Mlomo M'matope

Padangotero, kalekale madimba akadali a nyama, kapitawo wa padimba anali Bakha. Mtima anali nawo wabwino, koma pakamwa pake sipankapuma.

Wokumba ngalande anali Mfuko. Akakumba bwino, Bakha ankamunyamula pamaso pa onse n'kuyambitsa nyimbo yomutamanda. Mfuko ankangopulumuka n'kuthawira ku una wake. Tsiku lina sanatulukenso. Ngalande inathera panjira, mpiru n'kuyamba kufota.

"Achimwene, tulukani! Takulakwirani chiyani? Kapena nyimbo ija yachepa?" Bakha anaunjika mafunso, osasiya mpata ngakhale wa yankho limodzi. 

Mawu atasasa, Bakha anangokhala pakhomo pa unawo. Lilime linkamuyabwabe, ndiye anazika mlomo m'matope kuti lisamuthawe. Atakhala chete kwa nthawi ndithu, dothi linagwedezeka.

"Akapitawo, mukadalipo?" anafunsa Mfuko, atangosuzumira ndi mphuno yokha. "Ine sindinakwiye ayi. Kungoti mawu anga ali ngati chitsime cha m'chilimwe, amadzadza pang'onopang'ono. Mukatunga mwaphuma, mupita ndi ndowa youma."

"Nanga ndizikuthokozani bwanji?" Bakha ananong'ona, koyamba chibadwire.

"Momwemu basi. Awiriwiri, popanda ng'oma."

Dzuwa lisanapendeke, madzi anali atafika mu mpiru. Kuimba Bakha sanasiye, masiku ano amaimbira achule, amene amakondwera nazo zotamandidwa pagulu. Koma mukamuona atazika mlomo m'matope, dutsani mwakachetechete. Akumvetsera Mfuko ameneyo.