Mwana wa Woyendetsa Ndege

Ana onse anali atatengedwa kupatula mmodzi. Anti anatsala naye pa benchi yachitsulo m'chipinda cholandirira alendo pa bwalo la ndege, maso akulemera ngati athiridwa mchenga. Dzina loti Anti anamupatsa ndi ana a kumsasa, ngakhale kuti iye mwini anali atangomaliza kumene sukulu. Tchuthi chonse anachithera kunja, pa msasa wa achinyamata a m'mayiko osiyanasiyana, akudzutsa ana a eni, kuwafunira masokosi otayika, kuwatonthoza akalira kufuna kwawo. Tsopano gulu la m'dziko lake anali atalibweretsa, ndipo ntchito yotsala inali yopereka mwana aliyense m'manja mwa kholo lake.

Wotsalayo anali mtsikana amene anzake ankamutcha Kaputeni, poti iye ankati bambo ake ndi woyendetsa ndege. Msasa wonse unkadziwa zimenezi. Ndege ikadutsa pamwamba pa mahema, ana ankamukuwira kuti abayibitse bambo ake, iye n'kukweza dzanja mwaulesi ngati munthu woti zinamukwana kalekale.

"Inu pitani, Anti. Akubwera," anatero Kaputeni, maso ali pansi.

Anti anamukumbutsa kuti lamulo silimulola. Kholo lifike, lionetse chiphaso, lisaine, kenako aliyense azipita.

Koma panali lamulo linanso, ndipo limeneli ndi limene linkamudya mtima. Antchito a pamsasa saloledwa kufunsirana mpaka mwana womaliza ataperekedwa. Pamwamba, kuchipinda cha onyamuka, kunali Wagitala, mnyamata wophunzitsa ana nyimbo, akudikira ndege yomupititsa kwawo kutsidya la nyanja. Potsika ndege m'mawa uja anamunong'oneza kuti akangopereka womaliza akwere masitepe, ali naye mawu. Foni ya mnyamatayo sinkagwira m'dziko lino. Anti mawuwo anali atawayankha kale m'mutu mwake, atasankhiratu ndi mtundu wa makatani a m'nyumba yawo.

Anaimba nambala ya bambo a Kaputeni. Inali yozimitsa. Anaimbanso, yozimitsabe. Anamukoka mtsikanayo dzanja mpaka pa desiki yofunsira, napempha kuti alengeze dzina la bambowo. Dzinalo linamveka chipinda chonse, mobwerezabwereza, anthu n'kumangodutsa ndi zikwama zawo. Atabwerera pa benchi paja anapeza bambo wina wachikulire wovala ovolosi akukolopa, ndipo bamboyo anawapempha mwaulemu kuti akweze miyendo. Pasanapite nthawi anabweranso kudzakolopa malo omwewo. Anti anakweza miyendo osamuyang'ana n'komwe.

Dzuwa linapendeka. Kaputeni anaphimba mutu ndi chipewa cha juzi, nadzipinda ngati wamva kuzizira. Anti anamumvera chisoni. Mwana woiwalika ndi kholo amachita manyazi chonchi, anatero mumtima. Anamugulira chakumwa, namusisita pamsana, namuuza kuti mwina nyengo yawachedwetsa kumwambako. Koma m'kati mwake woyendetsa ndegeyo anali atamuda kale. Ankachita kumuona, suti yoyera, magalasi akuda, akuseka ndi atsikana operekera zakudya mumzinda wina wakutali.

"Anti, chonde, pitani. Palibe angadziwe."

"Ukasowa, ofesi ikandifunsa, ndikayankha kuti chiyani? Khala chete."

Anaganiza zomutenga n'kukwera naye masitepe, koma bwanji bambowo atafika n'kupeza palibe munthu? Anaganiza zothamanga yekha, kamphindi chabe. Anaimirira. Anayang'ana kamsana kopindikako, n'kukhalanso pansi.

Kenako analengeza ndege ya Wagitala. Analengezanso, ati komaliza, chitseko chikutsekedwa. Anti anamvetsera mpaka mawuwo anatha. Pa windo lalikulu ndege zinkanyamuka motsatizana, ndipo iye sankadziwa n'komwe kuti ayang'ane iti. Misozi inangoyamba yokha. Analibe ndi mphamvu zoipukuta.

Wokolopa uja anaima pafupi, natsamira mopu wake. Anafunsa motsitsa mawu kuti kwagwanji, mayi.

Munthu ukatopa umauza aliyense. Anti anakhuthula zonse: za msasa, za lamulo, za mnyamata amene wadikira tsiku lonse pamwambapo n'kupita akuganiza kuti wakanidwa. Anati alibe adiresi yake, ndipo ngakhale ataipeza, mawu osanenedwa pa nthawi yake amazizira. Kenako nkhani anaitembenuzira kwa wopalamulayo, woyendetsa ndege uja.

"Anthu andalamawa, bambo, mtima alibe. Munthu amadziwa kutsitsa ndege pa nthawi yake, koma mwana wake kumuiwala ngati ambulera. Akafika ndimuuza pamaso, kaya andichotse ntchito."

Bamboyo anamvetsera mpaka pamapeto, akugwedeza mutu. Anaimika mopu pakhoma, napukuta manja pa ovolosi. Anayang'ana mtsikana wodziphimba uja kwa nthawi yaitali.

"Mwanangu, unandipempha kuti ndidikire mpaka onse a kumsasa achoke, ndipo ndadikira. Koma taona zimene tawachita anthuwa."

Anatulutsa chiphaso m'thumba, nachipereka kwa Anti ndi manja awiri. Dzina linali lomwe lija lakhala likulengezedwa masana onse.