Ndege ya Mawaya Patebulo

"Chinthu chimenecho chibwerere kugalimoto," anatero a Lameck, akulankhulira m'mano.

Tusekele anangokumbatira katoni yake pachifuwa. Ulendo wonse kuchokera ku South Bend adadi akewo ankaimba nyimbo za kwaya, koma atangolowa mu holo ya mpikisano wa mbiri yakale ku Indianapolis, ku Amereka konko, nyimbo zinawathera pakhosi. Ana a sekondale anali atayala kale zinthu zawo. Mnyamata wa tebulo loyandikana nalo anali ndi sitima yapamadzi yapulasitiki, yopentedwa bwino, yoyaka timagetsi mkati.

M'katoni mwa Tusekele munali ndege ya mawaya a mahang'ala opachikira zovala. Matayala ake zitsekero za mabotolo. Mapulopela anayi odula pachitini cha soda.

Nkhani yake inali ya C-130, ndege yonyamula asilikali ndi katundu. Ankaidziwa pamtima. Pa nkhondo ya ku Korea asilikali a Amereka anasowa ndege yolimba, yotha kutera ngakhale pafumbi. Akatswiri anatenga injini ya jeti n'kuipatsa ntchito yozungulitsa pulopela. Mainjiniwo ankapangidwa mumzinda womwewu, ndipo ndegeyo inauluka koyamba mu 1954.

"Ukundimva, iwe? Majaji akangoona zimenezi mamakisi ako apita. Chaka chonse wavutikira chabe. Taona phikolo, lopotoka! Mchira ngati wa nkhuku yonyowa. Izi n'zoseweretsa ana kumudzi, osati zoonetsa anthu ophunzira."

Makutu a Tusekele anatentha. Iyetu ndi mwana uja wosakweza dzanja m'kalasi ngakhale yankho akulidziwa, uja wobisala kukhitchini alendo akabwera. Kunyumba akamulankhula Chichewa amayankha m'Chingerezi, mwinanso osayankha n'komwe. Koma lero anasankha mawu ake mmodzimmodzi.

"Adadi, sindibweza."

"Wati chiyani?"

"Sindibweza. Akafuna andifeyilitse."

Anatsegula katoni n'kuikhazika ndege ija pakati penipeni pa tebulo, patsogolo pa zithunzi zonse za nkhani yake. Anatsitsa kachitseko kakumbuyo kolowetsera katundu. Mnyamata wa sitima uja anasuzumira, n'kugunda mnzake ndi chigongono. A Lameck anayang'ana kudenga, kenako pansi, kenako pakhomo lotulukira. Anatambasula dzanja kuti aichotse okha, koma Tusekele anaima pakati pa iwo ndi tebulo. Chibadwire anali asanawatchingepo njira.

Majaji anali atafika kale. Wotsogolera, mayi wa imvi ndi magalasi olendewera pakhosi, anamvetsera Tusekele akufotokoza za mainjini, mawu akuyamba motsika kenako n'kumakwera. Atamaliza, mayiyo anawerama n'kukankha pulopela imodzi ndi chala. Inazungulira.

"Iyi wapanga wekha?" anafunsa m'Chingerezi, nkhope yosaonetsa kanthu.

Kumbuyo kwa majajiwo a Lameck anali kupukusa mutu, maso akupempha. Tusekele anawaona bwinobwino.

"Ayi, ine sindinapindeko waya ngakhale umodzi," anatero mokweza, mpaka matebulo ena anacheuka. "Apanga adadi anga awo, sabata yatha, mugaraji. Ndege yotereyi anaiona ikutera pa Chileka ali mwana. Adadi, bwerani kuno akuoneni."