Madalaivala a Aneba

"Kompyutayi mwayichita chiyani, bambo?" mkazi wake anafunsa ataona sikirini ili bii.

Mwamunayo anangokanda kumutu. Masiku onsewa nyimbo m'nyumbamo inali ya aneba: aneba ndiwo anaika madalaivala, timapulogalamu toyendetsa zithunzi, pa kompyuta yawo ya Linux, gemu ya mkaziyo yothamangitsa magalimoto n'kusiya kudukiza; aneba ali ndi mutu. Nsanje inamudya. Mkazi atapita kuntchito, iye anafufuta zonse zimene anebawo anaika kuti aikenso yekha, naye atamidweko. Anakopera malangizo a pa intaneti osaona kuti anali a makina a mtundu wina. Poyatsanso kompyutayo, panangotsala kamzere koyera kakuphethira pakona.

"Yangozima yokha," ananama. "Ntchito ya aneba anuwo imeneyi."

"Ndiye abwere adzakonze zolakwa zawo," mkaziyo anatero, foni ili kale kukhutu.

Posakhalitsa aneba anatulukira akununkhira perefyumu, n'kukhala pampando wa mwini nyumba.

"Apa pavuta, achimwene," anatero akumwetulira. "Ndizibwera madzulo alionse mpaka itheke."

Mkaziyo anacheukira mwamuna wake. "Bambo, tawaikirani madzi a tiyi alendowa."