Besi wa ku Molumbo

"Imitsani pomwepo," anatero Dona Adelaide, woweruza mpikisano wa makwaya ku Milange. "M'nyimbo mwajambulayi muli mawu a makina, ndipo malamulo amaletsa."

Dionísio ndiye anali wotsogolera kwaya ya ku Molumbo. Oyimba besi atachepa, iye anawonjezera mobisa mawu opangidwa ndi kompyuta.

Mayiyo anamvetseranso, khutu lili pa sipika.

"Ndi awa. Chinyanja chake n'chokhota, sakulowana ndi anzake. Munthu sayimba chonchi."

Anali mawu a bambo Euclides, Mlomwe amene wayimba m'kwayamo chithere nkhondo yapachiweniweni.

"Mukawachotsa mupikisana nawo," anatero mayiyo. " Enawo ndi anthu enieni, ndawamva."

Dionísio anasuzumira panja. Bambo Euclides anali pamthunzi, akupukuta fumbi pa nsapato zawo zoyimbira.

"Ndiwachotsa, Dona," anayankha chapansipansi.