Bomba losakhuchumuka la Odiel

Panali munthu wina ku Belgium, mlimi wa mbatatesi kufupi ndi tauni ya Ieper, dzina lake Odiel. Akuti nkhaniyi ndi yoona, ndipo ine nditaimva thupi lonse linachita tsemwe.

Minda ya kumeneko imatulutsabe mabomba a nkhondo yoyamba ya dziko lonse. Mlimi akapeza bomba amaliika patsinde pa mtengo wa magetsi m'mbali mwa msewu, n'kuitana asilikali kuti adzatenge. Ena mwa mabombawo ali ndi poizoni wamadzimadzi m'kati.

Msilikali amene ankabwera kwa Odiel anali mayi wina, Sajeni Marleen. Ulendo uliwonse ankamuuza zomwezomwezo.

"Bambo Odiel, musamawagwedeze. Ifeyo sitilota zam'kati. Timawaunika ndi makina ngati a kuchipatala, kenako makina ena amatiuza mtundu wa poizoni, ndiye timadziwa kowawonongera."

Odiel ankangoseka. "Mwana wanga, makina anga ndi khutu ili. Bambo anga anandiphunzitsa: ligwedeze. Likamati khuchukhuchu, ndi lapoizoni. Likakhala chete, ndi chitsulo chabe."

Munthuyu anali wamakani, ndipo kupulumuka kawirikawiri kunamulimbitsa mutu.

M'nyengo yozizira kwambiri, mwana wake Annelies anabereka mtsikana kuchipatala cha mumzinda. Anali mdzukulu woyamba, ndipo Odiel anali asanamuone. Sabata yomweyo, akukonza ngalande, anafukula mabomba angapo. Onse anakawaika pamtengo paja kupatula limodzi, lomwe mutu wake wophulitsira unali utadyeka ndi dzimbiri. Analigwedeza pakhutu, koma linali zii. Anaganiza zolitsuka, kulikumba m'kati ndi kulipukuta kuti likhale choikamo maluwa pa ubatizo wa mwanayo, monga bambo ake anachitira iye atabadwa.

Analilowetsa m'chipinda chochapira, n'kuliimika pafupi ndi mbaula kuti matope aume. Pamwamba pake, pachingwe, mkazi wake Godelieve anali atayanika timalaya ndi timasokosi taubweya timene analukira khandalo.

M'mawa mwake Godelieve anakwinya mphuno.

"Mwamuna iwe, wabisa adyo muno? Ndipo chinthu chako chonyansachi chikufuna chiyani m'nyumba mwanga?"

"Ndi mphatso imeneyo, mayi. Udzaiyamikira ikawala."

Pansi pa bombalo panali timadontho takuda ngati oyilo. Odiel anatipukuta ndi kansanza, kenako anatikita m'maso ndi dzanja lomwelo chifukwa tulo tinali tisanamuthere. Sanamve kuwawa kulikonse. Godelieve ananula zovala zija, kuzipinda bwinobwino m'chikwama, n'kukakwera sitima yopita kuchipatala.

Masana asilikali anafika kudzatenga mabomba a pamtengo. Sajeni Marleen anamuyang'ana Odiel, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

"Maso anu afiira bwanji? Ndipo fungo la adyoli likuchokera kuti?"

"Ndi chimfine. Kabomba kamodzi ndasunga m'nyumba, koma n'kabwinobwino. Ndinakagwedeza, sikanakhuchumuke."

"Munakagwedeza panja, kukuzizira chonchi?"

"Nanga kuti?"

"Bambo, poizoni ameneyu akazizidwa amaundana ngati mafuta a nkhumba. Angakhuchumuke bwanji? Bombalo mwaliika pati?"

"Pafupi ndi mbaula."

"Ndiye wasungunuka, ndipo nthunzi yake yalowerera chilichonse cham'chipindamo. Sawawa nthawi yomweyo, amayamba pakapita maola. Munalinso chiyani m'menemo?"

Apa m'pamene Odiel anachita mantha, mantha amene sanawamvepo chibadwire.

"Zovala za khanda. Mkazi wanga wapita nazo kuchipatala."

Anatulutsa foni, koma manambala ankangooneka mbuu, misozi ili chuchuchu. Marleen anamulanda n'kuimbira Godelieve. Inaitana mpaka kuduka. Anaimbanso, osayankhidwa. Odiel anagwada m'matope akupemphera mokweza, munthu amene kutchalitchi ankangopita pa maliro.

Marleen anaimbira Annelies, n'kumupatsa Odiel foniyo. Atayankha, mawu ake anali achimwemwe.

"Bambo, timalaya take ndiye tokongola. Ndangomusambitsa kumene, ndikufuna ndimuveke kachikasu aka."

"Usamuveke! Annelies, taya pansi, usamukhudze mwana ndi manja amenewo. Itana anamwino."

"Mwatani, bambo? Mukundiopsa."

"Mvera, mwana wanga. Ndalakwitsa ine."

Khandalo silinavale kanthu, ndipo linapulumuka. Annelies anatuluka timatuza kunsonga za zala. Godelieve, amene anapinda zovala zonse, manja ake anatupa matuza akuluakulu ndipo anagonekedwa milungu ingapo. Asilikali ovala zophimba thupi lonse anatenga bombalo m'chitini chomata. Ataliunika, makina anaonetsa kuti linali lodzaza poizoni kupitirira theka.

Madokotala anayesetsa kumuthandiza Odiel, koma maso amene anawatikita aja sanaonenso.

Tsiku la ubatizo patebulo panalibe choikamo maluwa. Annelies anamuika mwana uja m'manja mwa agogo ake. Odiel anamupapasa tsaya pang'onopang'ono ndi chala.

"Wafanana ndi ndani?"

"Ndi inu, bambo. Mphuno yake ndi yanu yeniyeni."

Odiel anangogwedeza mutu. Mpaka lero, nkhope ya mdzukulu wake amaidziwira m'mawu a anthu ena.

Phunziro: Chinthu chikakhala chete sindiye kuti n'chabwino. Mukapeza bomba lakale, chitini kapena botolo losadziwika zam'kati, musaligwedeze, musalinunkhize, musalilowetse m'nyumba. Itanani amene ali ndi zida zoyezera, ndipo muwamvere ngakhale akhale ana kwa inu. Tumizirani uthengawu abale anu onse, makamaka uja amakonda kunena kuti "ine ndakhala ndikuchita zimenezi kuyambira kale."