Mchira M'thumba la Jekete

Kambalame kachitatu anakapeza pafupi ndi mpopi, katauma gwa, miyendo m'mwamba. Wosamalira maluwa anakatola msanga n'kukaponya m'thumba la jekete, momwe munali tinzake tiwiri.

Timbalame togwedeza mchira timeneti abwana amatikonda kuposa anthu. Chiyambireni chisanu, m'mawa uliwonse amatimwazira nyenyeswa za buledi, kutijambula, n'kutiwerenga. Tinalipo tisanu ndi tiwiri.

Dzulo adona ndiwo analamula wosamalira maluwayo kuti apopere mankhwala a chiswe pa kapinga. Iye anayesa kuwachenjeza. "Kapingayu ndi wako?" anatero adonawo. "Popera, ndipo abwana asamve."

Chitseko chinalira. Abwana anatuluka, kamera ili pakhosi, mbale ya nyenyeswa ili m'manja. Pawindo, adona anapatula katani pang'ono.

Nyenyeswa zinagwera pa mame. Panatera kambalame kamodzi kokha, kakudzandira ngati kaledzera.

"Anzanga aja ali kuti lero, madala?"

"Mwina n'kuziziraku, bwana."

Abwana ananunkhiza mpweya. "Mnzako ankagwira pano uja ndinamuchotsa chifukwa cha duwa limodzi. Ukukumbuka?"

Wosamalira maluwayo ankakumbuka. Akaulula, amuchotsa ndi adona. Akakhala chete, amuchotsa ndi abwana. Ndipo kanyumba kakuseri, momwe ana ake anali chigonere, n'ka anthu omwewa. Anayang'ana kuwindo. Katani inali itabwerera m'malo mwake.

Abwana anakweza kamera pang'onopang'ono. Sanailozetse pa kapinga, koma pa thumba la jekete, pomwe kamchira kakuda kanali katasuzumira kunja.

"Usagwedezeke," anatero.